Adati Mpweya, Ine Ndidatsekula Mawindo

Inu owerenga, ine ndidapha nsomba za amuna anga. Sindidaziphe ndi nkhanza ayi, ndidazipha ndi chifundo komanso kusamvetsa kwanga. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, poti kwathu kuno ku Nsaru nsomba ikafa timati ndiwo zapezeka. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma ndimvereni kaye, mwina simudzalakwa monga ndidalakwira ine.

Amuna anga adali mphunzitsi wa pulayimale mpaka adapuma pantchito. Adali munthu wokonda kulankhula, woti akaimirira kutchalitchi kuti alengeze zinthu ziwiri, anthu ankayamba akhala bwino pabenchi. Kenako adadwala sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zidafa, pakamwa padatsekeka. Atatuluka m'chipatala ankangokhala pampando pabalaza n'kumayang'ana khoma. Ine amene ndinkawadandaulira kuti amalongolola, ndidayamba kupemphera kuti anene liwu limodzi lokha, ngakhale londikalipira.

Mwana wathu Tadala, amene amagwira ntchito m'tauni, ndiye adabwera ndi thanki yagalasi yokhala ndi tinsomba tofiira ndi tamizeremizere, totalika ngati chala. Adati bambo ake azikhala ndi chowonera. Nditamufunsa ngati tidzadya tikakula, adaseka mpaka misozi. Adandionetsa kapampu koyendera magetsi kamene kamalowetsa mpweya m'madzi kudzera m'kapaipi, n'kumatulutsa tithovu. Poti magetsi akwathu kuno amabwera ngati mlendo, adatisiyiranso batire ndi sola yake. Adandiuza kuti: "Amayi, tithovu timeneti tisasiye. Magetsi akazima mulumikize ku batire. Zikakanika zonse, nsombazi musazipatse chakudya."

Ndidavomera ndi mutu, koma mumtima ndidati ana a m'tauni ali ndi zawo. Nsomba ya m'madzi ingafune mpweya wanji? Nanga milamba ya kudambo amaiikira pampu ndani? Ine ndinkangoona ngati tithovuto n'tokongoletsa chabe.

Chodabwitsa chidachitika patapita masabata angapo. M'mawa wina ndikusesa ndidamva mawu pabalaza. Ndidapeza abambo akuloza kansomba kena kothamangathamanga n'kumati, "Ma-vu-to." Mavuto adali mwana wosamva amene adawavutitsa m'kalasi kalekale. Ndidakhala pansi ndi tsache langa n'kulira. Pang'onopang'ono tinsomba tonse tidapatsidwa mayina a ana asukulu akale: Yohane waulesi wokonda kubisala kuseri kwa mwala, Esinati wonyada, Limbani, Dalitso. M'mawa uliwonse ankaitana mayina monga ankachitira kusukulu, kansomba kakadutsa iwo n'kugwedeza mutu kuti kabwera. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi, koma ankatuluka. Ankathanso kupempha madzi, kunena kuti zikomo, ngakhale kunditchula dzina.

Ndiye kudafika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Thiransifoma yakwathu idapsa, magetsi adapita osatsanzika, kapampu kankangodalira batire. M'mudzi mwathu mudagwa maliro a mayi wina amene tinkaimba naye kwaya. Tsiku loika, mkulu wa mpingo adafika pakhomo chipewa chili m'manja. Adati batire imene ankadalira kuti iyendetse sipika yakana, anthu achuluka, ulaliki sumveka. "Amayi, kodi simungatibwerekeko yanu ija? Tibweza tikangochoka kumanda."

Inu owerenga, mukadakhala inu mukadayankha chiyani? Maliro n'kulirana. Amuna anga atadwala, anthu omwewa ndi amene adatinyamulira kuchipatala, natipalira m'munda. Ndikadayamba bwanji kuuza mkulu wa mpingo kuti munthu aikidwe mwakachetechete chifukwa tinsomba tanga tikufuna thovu? Mudzi wonse ukadandiyesa wamisala. Ndidazula mawaya ndekha n'kuwapatsa batire ija ndi manja awiri. Tithovu tidasiya.

Kubwereketsa batire sindikudziimba nako mlandu kwenikweni. Chimene chimandiwawa ndi zimene ndidachita pambuyo pake. Ife tidaleredwa kuti ukamasiya wina pakhomo umamusiyira chakudya chokwanira. Ndidaganiza kuti mwambo utenga tsiku lonse, ndipo tinsombati tiyenera kupepesedwa. Ndidatapa chakudya chawo dzanja lodzaza n'kuwaza m'madzi. Mawu a Tadala aja adali atandichoka m'mutu. Kenako poopa mphaka ndi fumbi, ndidavundikira thanki ija ndi thireyi, pamwamba n'kuyala chitenje. Akuluakulu adati chifundo chidapha nkhwali.

Nditavala yunifolomu yanga ya amayi a mpingo, abambo adandigwira nsalu ndi dzanja lawo lamanzere. Thukuta lidali kamukamu. Adalimbana nalo liwu lija mpaka lidatuluka: "Mpweya." Ndidati pepani abambo, kwatenthadi lero. Ndidatsekula mawindo onse. Adapukusa mutu n'kubwereza mokweza, "Mpweya! Mpweya!" Ndidatsekulanso chitseko chakukhitchini, ndidawamasula mabatani a malaya, ndidawaikira kapu yamadzi pambali. Kunja anzanga adali akundiitana kuti nyimbo zayamba. Ndidawauza abambo kuti sindichedwa, n'kutuluka. Sindidatembenuke n'komwe kuti ndione kumene maso awo ankayang'ana.

Kumaliro sipika idamveka bwino. Ndidaimba ndi mtima wonse, anthu n'kumandithokoza chifukwa cha batire. Tidachoka kumanda dzuwa litapendeka.

Nditalowa m'nyumba ndidapeza mpando uli wopanda munthu. Abambo adali pansi pafupi ndi katebulo ka thanki, atagwada ndi bondo limodzi, mwendo wakufawo utapindikira kumbali. Adali atadzigwetsa pampando n'kudzikwakwaza pasimenti mpaka adafika. Chitenje ndi thireyi zidali pansi. M'dzanja lamanzere adali ndi kapu ija ndidawasiyira. Ankatunga madzi a m'thanki, kukweza mkono, n'kuwathiranso momwemo kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Kutunga, kukweza, kuthira. Malaya adali atanyowa, chigongono chitasupuka. Sindidziwa kuti adachita zimenezi kwa nthawi yayitali bwanji.

Madzi adali atachita mbuu ndi chakudya chija, akununkha. Tinsomba tina tonse tidali titayandama, mimba zili m'mwamba. Kamodzi kokha ndiko kadali kakuyasamula kukamwa pamwamba pa madzi. Adali Mavuto. Apo m'pamene ndidamva tanthauzo la liwu lija. Munthu amene ndidamupempherera kuti alankhule adalankhula, katatu konse, ine n'kumutsekulira mawindo.

Ndidawalanda kapu ija n'kupitiriza ndine, misozi ikugwera m'madzi momwemo, mpaka batire idabwera. Mkulu wa mpingo ataona zimene zidachitika adagwira pakamwa. Adati ndikadangonena, akadakabwereka batire ya galimoto kwa munthu wina. Tadala pafoni sadandikalipire. Adangondifotokozera kuti madzi akatentha mpweya umachepa, nsomba ikadya imafuna mpweya wambiri, ndipo chakudya chotsala chikamawola chimamaliza wotsalawo. Adati nsomba ikhoza kukhala masiku osadya, koma osati osapuma. Zonse zimene ndidachita pozikomera mtima zidali zozifulumizitsa kufa.

Abambo adakhala masiku ambiri osatulutsa liwu. Ndidaopa kuti ndawabwezera kukhoma kuja. Sadandikwiyire, ndipo mwina zikadandipepukira akadakwiya.

Choncho inu amene mukusunga nsomba m'galasi kapena m'thanki kuno kumene magetsi sadalirika, tengerani phunziro pa ine. Tithovu tija ndiwo moyo wake. Batire ya pampu ikhale ya pampu, ndipo ikachoka, pakhale munthu wotsala ndi kapu. Musavundikire, musadyetse, muzingotunga ndi kuthira mpaka magetsi abwere. Musachite manyazi kufotokoza vuto lanu, anthu akumudzi si ouma mtima monga timawaganizira. Koma koposa zonse, inu amene mukudwazika munthu wovutika kulankhula, akatulutsa liwu musathamangire kumumalizira. Khalani pansi, yang'anani kumene akuyang'ana, mufunseni kawiri. Liwu limodzi limenelo walivutikira kuposa mmene inu mumavutikira ndi nkhani ya tsiku lonse.

Tadala adafuna kubweretsa tinsomba tina, koma abambo adakana ndi mutu. M'thanki mudatsala Mavuto yekha. Tsiku lina m'mawa ndidawamvanso akuitana mayina, ndipo mpaka lero amaitana onse, osadumpha ndi mmodzi yemwe. Akati Mavuto, amagwedeza mutu. Akati Yohane, amadikira pang'ono, kenako amatembenukira kwa ine. Ndimasiya chimene ndikuchita, n'kuyankha kuti, "Wajomba, aphunzitsi."