Tambala wa a Nankhoma

Ana anga ndi adzukulu nonse, mwaswera bwanji uko? Akundilembera ndi mayi a Chisomo, koma mawu ndi anga.

Madzi atuluka lero! Paja boma linatipatsa mapaipi ndi simenti, koma ngalande linati tikumbe tokha, banja lililonse ndime yake. Ndime ya akulu anga a Nankhoma inatsalira, mawondo awo aja mukuwadziwa. Akomiti anati ikapanda kukumbidwa, mpopi ukathera kusukulu. Ndiye ife amayi a kumpingo tinakaikumba Lachiwiri, eni ake ali ku Mtengowanthenga kokatenga mankhwala.

Masana ano paipi inayamba kutsokomola, kenako madzi phwaa! Mpopi uli pakhomo pawo penipeni. Koma taonani a Nankhoma akutuluka m'nyumba atapota nkhata, chitenje chili m'chiuno ngati ulendo wa kudambo. Ndinati, "Akulu, nkhata ya chiyani? Madzi si awa?" Iwo amvekere, "Iwe mwana, mutu wangawu sunauzidwe zimenezo." Anatunga, n'kusenza ndithu ndowa yawo mapazi khumi okha, ife kuseka mpaka misozi.

Tsono atamva kuti ndime yawo tinakumba ndife, agwira tambala wawo mmodzi yekhayo, akuti aphikire okumba. Ndawaletsa, andikalipira. Akuti munthu samwa thukuta la anzake ulele, ndipo tikakana sadzatunga pampopipo, abwerera kudambo ndi mawondo omwewo.

Ndiye tandiuzani, timudye tambalayu? Ngati eya, ndani wa inu adzabweretse wina pa Khirisimasi, tidzawauze kuti wangosochera?