Kamba Amene Kaaya Anamusiya Pathanthwe

Mukafunsa madalaivala a ku Arusha kuti katswiri wa nyama za ku Serengeti ndani, akuuzani kuti ndi Elirehema Kaaya, chifukwa mwini wakeyo anawauza choncho kambirimbiri mpaka anatopa nako kutsutsa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri wakhala akuyendetsa alendo pa galimoto yotsekula denga, chipewa chakhaki chili kumutu ngati anabadwa nacho.

Kusukulu anamuphunzitsa kuti nyama zili m'magulu: zoyamwitsa, mbalame, zokwawa, achule ndi abale awo, nsomba, tizilombo. Kaaya anaona kuti aphunzitsi aja ankangochulutsa gaga m'diwa. Kwa iye magulu anali awiri basi. Loyamba linali la mkango, kambuku, njovu, njati ndi chipembere. Lachiwiri linali la zina zonse, zimene Mulungu anazilenga pongofuna kudzaza malo. Mlendo akaloza kambalame n'kufunsa dzina lake, Kaaya ankayankha mwaulemu wonse kuti, "Imeneyo ndi mbalame, bwana," kenaka n'kuponda moto.

Luso lake linali m'khutu. Madalaivala amauzana pa wailesi ya m'galimoto mophiphiritsa kuti alendo asamve msanga: wandevu ali kumtsinje, wamawanga wakwera mtengo. Kaaya akangomva choncho, maenje onse a mumsewu ankasanduka a eni ake. Alendo ankafika pa mkangowo misana itathyoka, koma ankafika oyamba.

Tsiku lina mwini kampani, Mayi Minja, anamuitanira mu ofesi.

"Madala, makalata odandaula akwana atatu. Akuti mumawathamangitsa ngati matumba a anyezi. Ikabwera yachinayi, makiyi ndipatsa wina."

"Mayi, nyama sidikira munthu."

"Inenso sindidikira. Mawa mutenge mayi wina wachikulire wa ku Ulaya, dzina lake Mayi Hedda. Muwamvere."

Kaaya anatuluka. Popanda galimoto ija iye anali ndani? Analumbira kuti mayiyo aona nyama zisanu zonse, afune asafune, ndipo kalata imene mayiyo alembe, Mayi Minja aipachika pakhoma.

Koma tsoka sasimba. Mayi Hedda anadutsa gulu la njovu akupukuta magalasi. Anaimitsa galimoto chifukwa cha gulo wamutu wofiira amene ankaothera dzuwa pamwala, n'kumujambula kwa theka la ola. Anafunsa dzina la chule wina wa m'chithaphwi. Kaaya anati, "Ameneyo ndi chule, mayi." Kenaka mayiyo anamuuza chimene anabwerera: kamba wina wamng'ono, wophwatalala ngati chapati, amene amabisala m'ming'alu ya matanthwe. Anati wakhala akumuwerenga m'mabuku moyo wake wonse, koma sanamuonepo kwawo kwenikweni, ndipo pa msinkhu wakewo ulendo wina sudzapezekanso.

Kamba! Munthu kuwoloka nyanja, kukwera ndege ziwiri, kudzafuna kamba! Kaaya anaganiza kuti mayiyo akungochita ulemu, safuna kumuvutitsa. Anthu ena ndi amanyazi, ukawafunsa chimene akufuna amatchula chaching'ono.

Masiku awiri anakhala pansi pa thanthwe limodzi, injini itazima. Anzake ankadutsa akuseka. Lembris, dalaivala wa kampani ina, anatulutsa mutu pawindo.

"Achimwene, matayala aphwa kapena mwayamba kuweta miyala?"

"Pita uko, iwe! Unayamba liti kusiyanitsa njati ndi ng'ombe ya bambo ako?"

Anayankha choncho, koma manyazi anamugwira kwambiri.

Tsiku lachitatu, lomwe linali lomaliza, dzuwa litangokwera pang'ono, Mayi Hedda anamugwira phewa. "Taonani!" ananong'ona. Mumng'alu munali kutuluka kamutu kotuwa, kosaposa chala chamanthu. Mayiyo anakweza kamera pang'onopang'ono.

Nthawi yomweyo wailesi inakhosomola. Anali Lembris: "Wamawanga ali mumtengo wa pa mlatho, wakweza mbawala! Fulumirani, anthu inu!"

Kambuku ali ndi nyama mumtengo! Kaaya anali atangoona zimenezi kanayi moyo wake wonse. Dzanja linapita lokha pa kiyi. Injini inabangula, kamutu kaja kanabwerera mumng'alu, fumbi linangoti koboo.

"Imani! Imani!" anakuwa Mayi Hedda.

"Mudzandithokoza, mayi! Gwiritsitsani!"

Anafika oyamba, zoona. Kambuku anali pomwepo, mchira uli lendelende, wokongola mochititsa mantha. Kaaya anatembenuka akumwetulira kuti alandire mayamiko ake. Mayi Hedda anali ataika kamera pamiyendo, akulira mwakachetechete. Anabwerera kuthanthwe kuja, anadikira mpaka nthawi yotuluka m'nkhalango inakwana, koma kamba sachita zinthu kawiri pofuna kusangalatsa munthu.

Kalata yachinayi inafika Lolemba. Kaaya analowa mu ofesi atakonzeka kumva za liwiro, ndipo mayankho anali nawo kale okwana thumba. Mayi Minja anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"Akuti, 'Bambo Kaaya ndi munthu waulemu, ndipo misewu amaidziwa bwino kwambiri. Ndikupempha kuti musawakalipire. Koma mukadzalandira mlendo wofuna kuona nyama, mudzamupatse munthu wodziwa nyama.'"

Kwa Kaaya, Mayi Hedda akanamutukwana bwenzi zili bwino. Anapisa m'thumba, anaika makiyi patebulo Mayi Minja asanawapemphe, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"Mayi, kamba uja... ali ndi dzina lakelake?"

"Ali nalo," anatero Mayi Minja, akuika makiyi m'dilowa. "Zonse zili nawo mayina, madala."