Azungu Ovala Zitenje M'bokosi la Amake Edmund

Amake Edmund, amene dzina lawo la ubatizo linali Mabel, sukulu anailekezera Sitandade folo, koma ukawamva akuyankhula unkati anaimaliza yonse n'kutseka chitseko okha. Anabadwira tsidya la kum'mawa kwa nyanja, pa kamishoni ka Angilikani ka m'njira ya ku Makanjira, paja lole imayamba yapuma isanakalimbane ndi mchenga. Ali mtsikana anawoloka kukagwira ntchito yosita nsalu ku hotela ya ku Makokola, ndipo anabwerako ndi makina osokera a pamanja komanso Chizungu chochepa chimene ankachitulutsa pang'onopang'ono ngati shuga wa alendo. Anakwatiwa ndi a Marko, mmisiri wa mabwato, munthu wa zii. Anthu amati a Marko anasiya kuyankhula tsiku la ukwati, ataona kuti ntchito imeneyo m'nyumbamo ili kale ndi mwini wake.

Pakhonde pawo ndi pamene ankasokera. Ukapita ndi nsalu imodzi unkabwerako ndi diresi komanso mbiri ya mabanja atatu.

M'zaka za m'ma 1980 kunabwera bokosi la mabuku a ana kuchokera ku laibulale ya ku boma. Analibweretsa ndi a Bonface, bambo wachichepere wa ku Dedza amene ankamanga tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Anaima pakhonde la tchalitchi, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti mabukuwo ndi a zithunzi, a tiana tosayamba sukulu, ndipo Lachitatu lililonse masana amayi azibwera ndi ana awo wina aziwawerengera.

"Koma bokosili n'lobwereka," anatero. "Ndikadzapeza mabuku aonongeka, ndidzalinyamula lipite ku Chiponde. Nawonso akulifuna."

Wansembe akumwazamwaza maso kufuna woti asunge bokosilo, amake Edmund anali atalisenza kale pamutu.

Atafika kunyumba anatsegula buku loyamba, n'kulitseka msanga. Anatsegula lachiwiri. Mayi wachizungu ali mu buluku, akukankha mwana m'kangolo. Lachitatu munali mtsikana wa siketi yothera kumene siketi imayenera kuyambira. Lina munali banja lonse pamchenga, mayi wa pabanjapo atavala kanthu koti ngakhale mwana wakhanda sikangamukwanire thewera.

Masiku amenewo nkhani ya mavalidwe sinali ya masewera. Mkazi kuvala buluku kapena kuonetsa mawondo unali mlandu, ndipo ayufi, anyamata a chipani a pamsika, sankafuna kuuzidwa kawiri. Pamudzipo panalinso Abiti Bakali, tcheyamani wa amayi a chipani, amene anabwezapo mkazi wa mphunzitsi pakhomo la msika chifukwa cha mpendero wa diresi. Abiti Bakali anali ndi mwana wa zaka zitatu, ndipo anali atanena kale kuti Lachitatu adzakhala kutsogolo.

Amake Edmund anaganiza zopaka inki, koma inki ndi kuononga. Anaganiza zong'amba masamba, koma umo ndiye munali kulitumiza okha bokosi ku Chiponde. Maso awo anagwera pa thumba la tizidutswa ta nsalu limene linkakhala pansi pa makina.

"Kumuveka munthu si kumuononga," anauza a Marko.

A Marko anayang'ana buku, anayang'ana akazi awo, n'kubwerera ku bwato lawo.

Anaphika kaphala ka ufa wa chinangwa komatira, anatenga lumo, ntchito inayamba. Ndipo sanali omata mwachisawawa ayi, anali telala. Mayi wa buluku analandira chitenje chofika m'mapazi, chopindika bwino m'chiuno. Mtsikana uja anamusokera siketi ya mapinda. Wa pamchenga anamuveka kuyambira m'khwapa, n'kumuonjezera duku kuti dzuwa lisamupweteke.

Lachitatu loyamba kunabwera amayi ochepa, ndipo ochepawo anabwera ndi timabigiri, poganiza kuti kugawidwa mkaka ngati kusikelo. Atamva kuti kuli mabuku okha, ena anayamba kumanga ana kumsana. Amake Edmund anayala mphasa pakhonde pawo, anakhala pampando, n'kukweza buku m'mwamba. Chizungu cha m'munsi mwa zithunzi ankachilumpha ngati chithaphwi. Nkhani ankaitenga pa zithunzi pomwepo, theka m'Chichewa, theka m'Chiyao, ndipo pamene bakha ankalira, iwonso ankalira.

Tiana tinayamba kukwawira kutsogolo. Kena kanagwira chitenje cha mzungu, n'kuona kuti ndi nsalu yeniyeni. Kena kananunkhiza, kanazindikira chinangwa, n'kunyambita.

Pamenepo ndi pamene Keti, wogulitsa zitumbuwa padoko, anasuzumira pafupi.

"Taimani kaye, amake Edmund. Mzunguyu wavala nsalu yanga ya pa Khirisimasi."

"Zotsala zake, Keti. Diresi yako uli nayo."

"Munandiuza kuti sipanatsale kanthu."

"Ndiye wachipeza chimene chinatsalacho. Taona mmene ikumukhalira, kuposa mwini wake."

Amayi anagwa nako kuseka. Mwana wa Keti anaika chala pa chithunzicho n'kunena kuti, "Amama." Kuyambira pomwepo mayi wa m'bukumo anakhala Keti, ndipo nkhani inasintha: Keti akupita kusitolo, Keti wagula buledi wamtali ngati nkhafi, Keti waiwala mwana pakhomo la sitolo chifukwa cha miseche.

"Bodza limenelo," anatero Keti. "Werengani zimene alembazo."

"Alemba zomwezo. Bwera uwerenge wekha."

Keti sanabwere.

Lachitatu lotsatira mphasa zinachepa. Amayi a ku tchalitchi, a ku mzikiti, akazi a apolisi, onse anabwera, aliyense ndi mwana pamsana komanso kansalu m'manja. Aliyense ankafuna kulowa m'buku. Tiana tosadziwa n'komwe kupempha madzi tinaphunzira kutembenuza masamba, kufunafuna amayi awo, ndipo tikawapeza tinkakana kuti tsamba lipitirire. Amayi ena anayamba kutenga buku n'kukhala nalo pambali ndi mwana pamiyendo, n'kumapeka zawozawo. Abiti Bakali anabwera ndi kansalu kobiriwira ka maluwa agolide, anaona mabuku onse mosathamanga, n'kusankha mayi woyendetsa galimoto. Nsalu ya chipani yokha ndi imene sinayandikire lumo. Pamenepo amake Edmund anali ndi nzeru zokwanira.

Vuto linali lakuti mabuku ananenepa. Azimayi a m'zithunzi atatha, anayamba kuveka ndi azibambo a makabudula omwe, ndipo bokosi linaleka kutsekeka. Nyerere nazo zinamva za chinangwa. Uthenga utafika woti a Bonface akubwera ndi lole ya Lachitatu, amake Edmund anakhalira chivindikiro cha bokosi ndi thupi lawo lonse, koma chinakana. Tsiku limenelo makina sanalire pakhonde. Amake Edmund ankaona kale bokosi likukwera lole, tiana tikulira, ndi Keti akuifotokoza nkhaniyo pa mjigo mpaka chaka chamawa.

A Bonface anafika masana, anthu atadzaza kale. Anasangalala poona khamulo, mpaka anatola buku limodzi. Linatseguka lokha ngati kabichi.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Buku, achimwene."

"Ndikuona kuti ndi buku. Izi zamatidwazi?"

"Zovala."

A Bonface anatukula kansalu kena ndi chikhadabo, anasuzumira kunsi, n'kukabwezera msanga. Anapukuta thukuta. Ananena kuti iwo anayankhula momveka tsiku lija, kuti katundu wa boma samatidwa phala, ndipo kuti pali njira ziwiri: nsalu zonse zichoke lero lomwe, apo ayi bokosi likwera lole.

Amake Edmund anaweramira m'bokosi ngati akulongedza, koma manja awo ankafuna buku limodzi. Atalipeza anatsegula pa tsamba la galimoto, anagwada mwaulemu wonse, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Mwanena zoona, achimwene, talakwa. Ife manja akunjenjemera. Yambani ndinu kuchotsa. Yambani ndi awa."

A Bonface anagwira m'mphepete mwa kansalu kobiriwirako.

"Ameneyo ndine," anatero mayi wina kutsogolo, osakweza mawu.

"Pepani, amayi, ndinu ndani?"

"Awa ndi Abiti Bakali," anatero amake Edmund, maso ali pansi. "Atcheyamani athu a amayi."

Abiti Bakali anakonza mpango wawo. "Pitirizani, baba. Mwachokera ku boma kudzativula, ndiye tivuleni. Kunsiko kuli buluku, ndinaona ndekha. Mukufuna ana awa aone mkazi wa buluku, eti? Keti, tathamangira pamsika uitane anyamata aja adzaonerere nawo."

Keti anadzuka mofulumira kuposa mmene anadzukirapo pa moyo wake.

"Ayi, ayi, khalani pansi, mayi," anatero a Bonface. Chala chinali chitachoka kale pa nsalu. "Sindinati tivule munthu. Ndimati, kamatidwe kake. Phalali. Likuitana nyerere."

"Ndiye vuto ndi phala?" anafunsa amake Edmund.

"Phala basi."

"Nsalu zilibe mlandu?"

"Nsalu zili bwino kwambiri. Zasokedwa mwaluso."

A Bonface anakhala pampando, ndipo mwana wa Abiti Bakali anakwera pamiyendo pawo, anawagwira tayi ngati chingwe cha mbuzi, n'kuwalozera galimoto. A Bonface anayamba kuwerenga Chizungu chenicheni cha m'munsimo. Tiana tinawayang'ana mwachifundo. Mwana wa Keti anawauza kuti sakudziwa kuwerenga, ndipo buku linabwezedwa kwa mwini ntchito.

Lole inabwerera madzulo opanda bokosi. Mwezi wotsatira a Bonface anatumiza botolo la guluu wa ku ofesi, pamodzi ndi mabuku ena atsopano amene anawasankha okha mosamala kwambiri: munalibe munthu ngakhale mmodzi, nyama zokhazokha ndi sitima za pamtunda.

Amake Edmund anawerengera tiana pakhonde lija mpaka maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo ena mwa ana aja anadzabwera ndi ana awoawo. Za mabuku a nyama zija, a Bonface anadzivutitsa chabe. Amayi anabwerabe ndi tinsalu tawo. Abakha anavala, nyamalikiti anavala siketi yaitali kuposa zonse, anyani anamanga maduku. Mvuu yokha ndi imene inakhala yosavala mpaka buku linatha ntchito, chifukwa panalibe mayi amene analola kuti nsalu yake ipite pamenepo.