Mipopi ya a Sipanala

Mu parishi yathu munalibe amene ankawatchula dzina lawo la ubatizo. Tonse tinkati a Sipanala, chifukwa chitsulo chotsegulira mipopi sichinkachoka m'chikwama mwawo, ngakhale popita ku Misa.

Anali chitsirizira cha mayi wamasiye wochapa zovala za anthu, amene anawaphunzitsa kugwada asanagone ndiponso kusasiya makala akunyeka. Ali ndi zaka makumi awiri analowa ntchito yozimitsa moto, ndipo anapatsidwa gawo limene anzawo ankalithawa: kuyenda wapansi m'misewu, kuyesa mipopi ya pansi imene galimoto yozimitsa moto imatungapo madzi. Ankavundukula chivundikiro, kuchotsa matope, kupaka girizi, n'kutsegula mpaka madzi atuluke oyera. Ankakonda kunena kuti, "Mpopi uli ngati pemphero. Ukaukumbukira tsiku la moto lokha, umaupeza utachita dzimbiri."

Zaka zinapita, ntchito inasintha. Ozimitsa moto anayamba kuitanidwa ku ngozi za pamsewu, ku madzi osefukira, ndi kusukulu kukaphunzitsa ana. A Sipanala sananyinyirike. Imvi zili mbuu, anaphunzira makina odulira zitsulo za galimoto, ndipo alipo akuyenda lero amene anatulutsidwa ndi manja awo. Chinawawawa n'chimodzi chokha. Kunabwera makompyuta a m'manja okhala ndi mapu a mipopi, ndipo mkulu watsopano wa siteshoni, mayi wophunzira bwino ndithu, anathetsa maulendo awapansi aja.

"Bwana, mapuwa akusonyeza pamene mpopi unali," anadandaula a Sipanala. "Sakunena ngati uli ndi madzi. Ina anaithira phula pamwamba, ina anamangapo magolosale."

"Madala, zonse zili mu kompyuta," anayankha mkuluyo. "Pumulani, miyendo yatopa iyi."

Anabwererako katatu. Kachinayi anauzidwa kuti alembe fomu. Analemba, ndipo kumene fomuyo inakagona akudziwa ndi Mulungu. Tsiku lopuma pa ntchito anawaombera m'manja, anawajambula, koma za mipopi 140 imene inali m'mutu mwawo sanafunsepo munthu. Zinawapweteka kwambiri, koma chipongwe pakamwa pawo sichinatuluke.

Atapuma, ankati akatuluka Misa ya m'mawa n'kulowa m'misewu okha, kachitini ka girizi kali m'manja.

"Bambo, anthu adzati mwazungulira mutu," ankatero akazi awo. "Munthu wamkulu kumapalasa m'misewu ngati nkhuku?"

"Mayi, moto sudziwa kuti ndinapuma," ankayankha.

Anachita zimenezi mpaka mtima unayamba kuwavuta, miyendo n'kutupa. Ali chigonere, moto unabuka masanasana pa shopu ya kalipentala wina. Galimoto inafika msanga, yatsopano, yonyezimira. Madzi a mu thanki atatha, kompyuta inaloza mpopi pa kona, koma pa konapo panali phula lokhalokha. Mpopi wamoyo unali kuseri kwa chigayo, ndipo ankaudziwa ndi munthu mmodzi. Kalipentalayo, bambo wa ana asanu, anatsala ndi hamala yokha.

"Munawauza inu! Kangati konse?" anakalipa akazi awo a Sipanala atamva za motowo.

"Kuuza si kuzimitsa, mayi," anatero a Sipanala, misozi ili mbwembwembwe. "Tiyeni tiwapempherere akalipentala. Abwananso tisawasiye, lero sadya."

Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anagonera zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anakoma shopu ya munthu itapsa. M'mawa mwake mkulu uja anafika, nakhala pansi pafupi ndi bedi, kompyuta ili pamiyendo.

"Bambo, ndinalakwa. Ndiuzeni, ndilembe."

"Mwachita bwino kubwera, mwanangu. Tiyambire ku msika."

Masiku atatu anatchula msewu ndi msewu: wamoyo uwu, wakufa uwu, wokwiririka uwu. Mpweya unkawaperewera, koma ankapuma pang'ono n'kupitiriza. Atafika pa 118 anati, "Ya kumtunda kwa chipatala tidzamaliza mawa."

Mawalo analandira sakramenti la odwala, anagwira dzanja la akazi awo, nagona mwamtendere ngati mwana. Ambuye awapatse mpumulo wosatha.

Loweruka lililonse tsopano mudzaona ozimitsa moto kumtunda kwa chipatala, mkulu wawo ali patsogolo, akugogoda phula ndi piki. Musawaseke, apatseni madzi akumwa. Mipopi inatsala 22, ndipo pofika lero apezako isanu.