Loko wa pa Kabati

Kufakitale ya sitachi ankamutchula kuti Mzukwa, chifukwa poweruka ankatuluka ali mbuu, nsidze ndi ndevu zomwe. Analowa ntchito ngati wosesa, nakalambira pa mathanki. Ufa wa sitachi ankauthira m'madzi, kuwonjezera mankhwala, kutakasa, kutsuka, kenako kuutumiza m'paipi ku makina oumitsira.

Ufawo unali wa mitundu iwiri. Wina mankhwala ankaufewetsa kuti usungunuke msanga m'mimba, ndipo unkapita ku zakudya za makanda. Wina ankaulimbitsa kuti thupi livutike kuugaya, shuga asakwere m'magazi. Antchito ankangoti wofulumira ndi waulesi. Pouona ndi maso, unali ufa umodzimodzi.

Matumba oyamba kutuluka pa mtundu uliwonse sankagulitsidwa, chifukwa ankabwera ndi zotsalira za m'paipi. Amenewo ankawatcha mutu, ndipo kapitawo ankalola antchito kutapako. Ambiri ankakapatsa nkhuku. Mzukwa ankatapa mutu wa waulesi kukapatsa akazi ake. Masiku amenewo waulesi ndiye unkayamba kudutsa mapaipi atangotsukidwa, choncho mutu wake unkangokhala ndi timibulu basi.

Akazi akewo anali telala, ankasokera pakhonde, ndipo ankadwala shuga. Ufawo ankausakaniza m'phala ndi mu buledi. Shuga anatsika, anamwino anayamikira, Mzukwa nayamba kuyenda chodzitukumula. Aliyense wobwera kudzayesa diresi ankauzidwa kuti dokotala wa nyumba ino ndi mwini nyumba.

Patapita zaka, shuga anayambanso kukwera. Mayiwo ankamwa madzi ngati ng'ombe, ndipo ulusi unayamba kuphonya diso la singano. Mzukwa sanafunse zambiri. Anaona kuti ufa wake sungalakwe, ndiye wolakwa ndi wodya. Tsiku lina Loweruka masana, pakhonde pali mlamu wake, mng'ono wa mayiwo, ndi amayi ena odikira zovala zawo, iye anabwera ndi loko watsopano namukhoma pa kabati ya shuga khomo lili pululu. Ananena mokweza kuti n'zamanyazi munthu wa zidzukulu kumaba shuga ngati mwana.

"Alamu, mukagulenso wina wa pakamwa," anatero mlamu uja, amayi aja n'kuseka chobisa nkhope.

Mayiwo anangoti sanakhudze shuga, napitiriza kupalasa makina. Mzukwa anamangirira kiyi ku lamba wake, nalamula kuti ufa uja aziwonjezera m'phala.

Mwezi sunathe, mayiwo anawagoneka m'chipatala. Mlamu ndiye ankawadikirira, choncho Mzukwa anayenera kuphika yekha phala lopita nalo kumeneko. Moyo wake wonse anali asanagwirepo mthiko. Ufa unamuyanga m'zala, ndipo iye, posowa kansalu, ananyambita chala.

Munthu aliyense wa pa mathanki amadziwa izi: waulesi ukakhala palilime umangokhala ngati choko, koma wofulumira malovu amausungunula, n'kuyamba kutsekemera. Uwu unatsekemera.

Anatapanso pansi penipeni pa chitini cha ufawo. Unatsekemeranso.

Anakhala pampando, phala likupserera. Panalibe chofufuza. Chaka chimenecho fakitale inasintha ndondomeko: wofulumira unkayamba, waulesi n'kutsatira, osatsuka mapaipi pakati. Mzukwa yemweyo ndiye ankatsegula mipopi yake, ndipo anayamikira kusinthako chifukwa ankaweruka dzuwa likadalipo. Mutu wa waulesi tsopano unali wofulumira wokhawokha. Mutu wake wa iye unkadziwa zimenezi kuntchito, koma dzanja linkangotapa pomwe linazolowera. Kunyumba sanalawepo phalalo, poti ankati n'chakudya cha odwala.

Anapita kuchipatala ndi mbale yopanda kanthu. M'njira anaganiza zonena kuti phala latayika, ufawo akautaye mwakachetechete, shuga atsike yekha. Palibe akanadziwa. Koma atalowa m'chipindamo anapeza mayiwo akuuza namwino kuti mwina anadyadi shuga osazindikira, poti bambo akunyumba sanganame. Pamenepo bodza linamukanika.

Anadikira namwino atuluke, nafotokoza zonse ataimirira, maso ali pa chitsulo cha bedi. Mlamu anatsegula pakamwa, mayiwo anamuletsa ndi dzanja. Anafunsa Mzukwa ngati ufa wonse wa chaka chino unali wotero. Iye anavomera. Anafunsa ngati iye ankadziwa za mapaipiwo. Anavomeranso. Kenako anamasula kiyi pa lamba, nati akangofika kunyumba akachotsa loko uja.

"Musamukhudze," anatero mayiwo. "Pokhoma panali anthu. Pochotsa pakhalenso anthu omwewo."

Mayiwo atatuluka m'chipatala, Mzukwa anayenda khomo ndi khomo kuitana amayi aja. Ena anadabwa, poyesa kuti kuli zovala zotsika mtengo. Onse atakhala pakhonde, iye anatsegula kabati, natulutsa paketi ya shuga ili yosatsegula ngati mmene anaitsekera, ngakhale kuti imeneyo sinali umboni wa kanthu. Ananena kuti mkazi wake sanabe, womudwalitsa ndi iye. Mawu anali ochepa kuposa a tsiku lokhoma lija, komanso otsika. Mlamu anati sanamve bwino, abwereze. Anabwereza.

Shuga anatsika. Koma diso lamanzere la mayiwo silinabwerere kuona, ndipo lamanja linatsala loona zazikulu zokha. Mayiwo sanasiye kusoka, chifukwa manja ankadziwa njira, koma diso la singano linawathawa mpaka kalekale.

Mzukwa sanatapenso mutu. Achinyamata a pa mathanki ankamuseka kuti wakalamba, wayamba kunyambita thumba lililonse ngati mbuzi pa mchere. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankalowetsa ulusi m'masingano a pamanja, wakuda, woyera, wofiira, n'kuwabaya pa kapilo kuti akwane tsiku lonse.

Pano anapuma ntchito. Amakhala pakhonde pafupi ndi makina, magalasi ali pamphuno. Ulusi ukaduka, mayiwo amangochotsa phazi pa chopalasira. Iye amadzuka kukaulowetsanso.