Mbale ya nyemba za amayi

Chaka chimene amayi anasiya khasu chifukwa cha miyendo, anatigawira mbewu yawo ya nyemba, ine mbale imodzi, mng'ono wanga mbale imodzi. Inali nanyati imene anaisunga kuyambira tili ana. Anati tikakolola tidzawabwezere mbale yomweyo yodzaza, aone kuti mbewu yawo sinafe.

Ine ndinkakhala ku Chileka, mng'ono wangayo anakwatiwa ku Lirangwe. Ndisabise, ndimamuchitira nsanje kuyambira kale. Chilichonse chimene wagwira chimamuyendera, ndipo amayi akamamutchula nkhope imawala.

Nditapita kukamuona, ndinamupeza akuthira feteleza ndi kachitsekerero ka botolo, pa mzere umene anali atathiramo kale manyowa a mbuzi.

"Kameneko nkumanatu mbewu," ndinatero.

"Ndi wokulitsa uyu, achemwali, muli zakudya zosakaniza," iye anayankha. "Nyemba sizifuna wambiri ngati chimanga."

Mwana wadzana kundiphunzitsa ine kulima! Nditabwerera ndinatapa feteleza wa yuriya amene ndinasungira chimanga, nkumwaza m'nyemba ndi dzanja lodzaza, kawiri konse.

Munda unabiriwira mpaka kuda. Opita kumsika ankaima kuyamikira, ine mtima uli m'malo. Ndinkalakalaka mng'ono wanga atadutsa.

Maluwa anabwera mochedwa, ambiri nkuyoyoka. Makoko ochepa amene anagwira, ukawafinya munali mphepo. Nditamenya ndi kupeta, zotsala m'lichero zinali tinyemba tokwinyika tosadzaza ndi kapu yomwe.

Tsiku lokabweza ndinanyamula khwanya wofutsa, poti masamba okha ndiwo ndinali nawo ochuluka. Mng'ono wanga anafika ndi ndowa pamutu. Nyemba zake zinali zonenepa, zonyezimira, zamawanga ngati mazira a mbalame. Amayi anazivundula ndi zala nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe, mbale yanga ili kuti?"

Ndisanayankhe, mng'ono wanga anatenga mbale yopanda kanthu ija m'dengu langa, natapa nayo nyemba m'ndowa mwake.

"Nayi, amayi. Tinangothira pamodzi potsika minibasi."

Amayi anamwetulira, nati ana awo onse ali ndi dzanja. Mng'ono wangayo akanandiseka bwenzi zili bwino, ndikanamutukwana nkupepukidwa. Pano ndimathira ndi kachitsekerero, nyemba zimabereka, koma sindinamuuzepo. Amayi anamwalira akukhulupirira kuti mbewu yawo ndinaisunga.