Mpeni wa pa Msomali

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha nkhwangwa yobuntha. Bambo atamwalira, ine ndi amayi tinachoka kumishoni kutsidya kwa nyanja n'kudzakhala pa boma pa Mangochi. Tsiku lina ndinapita ku shedi ya Che Saidi, kalipentala wokhoma maboti m'mbali mwa Shire, kukapempha mwala wonolera. Anaima n'kumandiyang'ana ndikunola, kenako anayesa nkhwangwayo pa chikhadabo.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Bambo anga, a Yohane."

"Ndiye mawa ubwere, Abiti Yohane. Anyamata angawa amanola ngati akupala mamba a chambo."

Anthu ananena zambiri, ati mtsikana pakati pa amuna akufunapo chiyani. Ine ndinapitabe ku ntchitoyo, poti pakamwa pawo sipakanatidyetsa.

Ntchito yanga inali yosamala zipangizo. Tchizilo ndi mpeni wa pulena ndinkanolera pa mwala wothira oyilo. Sowo ndinkaipana pakati pa matabwa awiri n'kudutsa dzino lililonse ndi tupa. Chinyontho cha mtsinje sichichedwa kubweretsa dzimbiri, choncho poweruka chitsulo chilichonse ndinkachipukuta ndi kansanza ka oyilo. Ukasiya pulena chokhalira mpeni wake, osaigoneka chammbali, Che Saidi ankakukalipira mpaka asodzi a padoko kumva.

Pakati pa shedi panali injini ya dizilo yoyendetsa sowo yozungulira kudzera pa lamba wamtali. Lambayo ankamutchinga ndi bokosi la matabwa. Pa nsanamira yapafupi panali msomali, ndipo pamsomalipo pankapachikidwa mpeni umodzi. Unali wosadulira chilichonse, kaya chingwe, kaya mango. Komabe ndinkaunola m'mawa uliwonse. Nditatopa nazo ndinafunsa kuti mpeni wosagwira ntchito ndiunoleranji.

"Injini ukaizimitsa, gudumu la lamba silimva msanga," anatero. "Lamba akagwira malaya a munthu, womuyankha ndi mpeni uwu."

Masiku amenewo mkazi kuvala thalauza unali mlandu. Ndiye Che Saidi anandisokera epuloni ya nsalu ya tenti, yofika m'miyendo, yomangira kumbuyo, kuti chitenje chisamauluke. Inali yotentha komanso yonyansa, ndipo ndinkadana nayo kwambiri.

Tsiku lovutalo, akazi tonse tinaitanidwa m'mawa kukayeserera magule a msonkhano wachipani. Ndinafika ku shedi nditavalabe nsalu yachipani, ija yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Ndinapeza a tcheyamani a nthambi yathu ataima pakhomo, akufuna mabenchi a msonkhanowo tsiku lomwelo. Lamba anali atangosinthidwa kumene, bokosi lotchinga lili pansi. Che Saidi anatola hamala kuti alikhomerenso.

"Mukufuna alendo akakhale pansi chifukwa cha bokosi?" anafunsa a tcheyamani.

Nthawi imeneyo funso lotero silinkayankhidwa. Che Saidi anaika hamala pansi. Ine nditatenga epuloni yanga, a tcheyamani anandiloza chala.

"Iwe, nsalu imeneyo saiphimba ndi chiguduli."

Nanenso epuloniyo ndinaibweza. Injini inalizidwa, ine n'kuima kuseri kwa sowo kumalandira matabwa. Kamphepo kochokera kumtsinje kanakweza nsonga ya chitenje changa. Ndinangomva ngati munthu wandikoka mwamphamvu m'chiuno, ndipo ndinagwada. Nsalu inali kukulungika pa gudumu, ine ndikukwekwerezeka mu utuchi. Mnyamata wina anazimitsa injini, koma gudumu linapitiriza kuzungulira monga ananenera Che Saidi. Bondo langa linali litayamba kukhudza lamba, ndipo ndinamva fungo la khungu langa likupsa.

Che Saidi sanafuule. Anatsomphola mpeni pamsomali, n'kudula kamodzi kokha, kuchokera m'chiuno mpaka pansi. Ndinagwa chagada, nditatsala ndi diresi lokha.

Gudumu linaima. A tcheyamani anatola chidutswa chomwe chinagwa pansi n'kuchitambasula. Mpeni unali utadutsa pakati penipeni pa nkhope.

"Mwaona chimene mwachita, Che Saidi?"

"Ndaona, bwana. Mwana ali ndi miyendo yake yonse."

A tcheyamani anapinda chidutswacho n'kuchoka nacho, mabenchi osawatchulanso. Kutacha kunabwera galimoto, ndipo Che Saidi anatengedwa. Palibe amene anatiuza komwe apita. Ine ndinkachita mantha, komanso ndinali ndi ukali wosowa kokautula, poti munthu anali kuvutika chifukwa cha mwendo wanga. Akazi a Che Saidi, Abiti Mussa, sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka koposa.

Shedi sitinatseke. Chinthu choyamba, tinakhomera bokosi lija ndi misomali yaitali. Bondo litapola ndinabwerera, epuloni ili m'chiuno, ndipo m'mawa uliwonse ndinkanola mpeni n'kuupachika. Dzinja linabwera, linapita, chimanga chinakololedwa.

Tsiku lina masana tinangoona munthu woonda, wometedwa mpala, akulowa pang'onopang'ono. Anyamata anasiya ntchito. Iye sanapereke moni. Anagwedeza bokosi kuona ngati lalimba, kenako anapita pansanamira, n'kutsitsa mpeni, n'kuuyesa pa chikhadabo.

"Wanola ndani?"

"Ine, Che Saidi."

"Kunsongaku ukusiya, Abiti Yohane. Kodi ndikangochoka pang'ono basi, ulesi?"

Anamwetulira, ndipo ndinaona kuti mano awiri akutsogolo palibe. Ndinalira ngati mwana, pamaso pa amuna onse aja, osachita manyazi.

Za kumene anali sanatiuzepo mpaka imfa yawo. Ine ndakalambira m'mashedi, ndipo amene ndawaphunzitsa amati ndine wovuta. Nzoona. Lamba ali poyera injini sindiliza, ngakhale wofulumirayo akhale ndani. Wovala zolendewera ndimamubweza pakhomo. Akayamba kung'ung'udza ndimakweza chitenje n'kuwaonetsa chipsera cha pabondo, n'kuwauza kuti bokosi la misomali yochepa chabe linadya mano a munthu amene sanalakwe. Ndikatero ndimawapatsa mpeni wa pa msomali kuti akanole, ndipo ndimayamba kuyesa kunsonga.